Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Wailesi yanga ilawa magetsi a ku Ndirande

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditatsika basi pa Wenela, chikwama kumsana, wailesi yanga yodzipangira ili m'khwapa. Kwa inu amene mwayambira pano, inali bokosi la matabwa lokhala ndi masipika awiri ozula m'mawailesi akufa, makina a kaseti ochokera m'galimoto, ndi ampulifaya, yokweza mawu, ya timachipi tiwiri ta TDA2003. Inkayendera mabatire akuluakulu asanu ndi atatu, lililonse la mavoti 1.5, onse pamodzi 12.

Mabatirewo ndi amene ankandimaliza. Kumudzi ndalama yonse ya ganyu inkathera pa Tiger Head. Akayamba kufooka, woimba ankakoka mawu, kenako kaseti n'kutafunidwa. Tinkawayanika padzuwa, koma mphamvu yobwererayo sinkatha ngakhale mbali imodzi ya kaseti.

Kwa amalume ku Ndirande ndinapeza nyumba ya magetsi. Usiku woyamba anandigwira ndikuyang'anitsitsa soketi ya pakhoma.

"Mphwanga, usayerekeze. Mmenemo muli mavoti 230. Mawa upite kwa mmisiri wa mumsika."

Mmisiriyo anali bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero. Anatsegula bokosi langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Wapanga wekha, mwana iwe?" Ndinavomera. Sanandigulitse adaputa, anandikhazika pa benchi n'kuyamba kundiphunzitsa.

Anati magetsi a pakhoma amasiyana ndi a batire pawiri. Ndi ochuluka, komanso amapita uku akubwerera, maulendo 50 pa sekondi, pamene a batire amayenda njira imodzi. Thiransifoma imangothana ndi kuchulukako, kutsitsa 230 kufika pa 12. Kuti ayende mbali imodzi pamafunika madayodi anayi olumikizidwa mwa bwalo. Anandipatsa a 1N5408, chifukwa timene ndinali nato m'thumba, ta 1N4007, timapirira ampu imodzi yokha (ampu ndi muyezo wa magetsi odutsa mu waya).

Titayatsa, masipika anangoti mmmmm, kulira kopweteka m'mutu, nyimbo ikumveka kunsi kwake. Anachitira dala kuti ndimve ndi makutu anga. Kenako anatenga kapasita ya 4700 µF, ya mavoti 25, n'kundionetsa mzere wa mwendo wa negetivu, nati ukaitembenuza imaphulika. Atangoiwotcherera, kulira kuja kunatha. Kapasita imachita ngati thanki ya madzi, imasunga pamene magetsi akwera n'kupereka pamene atsika. Abale anga, mabesi amene anatuluka tsiku limenelo ndinali ndisanawamvepo m'bokosi langa. Ndinali nditalinyamula nthawi yonseyo osadziwa kuti limatha kuimba chonchi.

Anayezanso ndi mita, ndipo inaonetsa mavoti pafupifupi 17, osati 12. Ndinadabwa. Anati kapasita imadzaza mpaka pansonga penipeni pa magetsiwo. TDA2003 imapirira mpaka 18, koma mota ya kaseti ayi, choncho kumeneko anaikako chipi ya 7812, yotsitsa magetsi kuti akhale pa mavoti 12, yomangirira pa kachitsulo ka aluminiyamu kuti isatenthe.

Pa za chitetezo ndi pamene anakweza mawu. Mawaya a mbali ya 230 anawakuta bwinobwino, thiransifoma n'kuikhomera pa thabwa ndi masikuluwu. M'pulagi ya mano atatu anachotsa fyuzi ya maampu 13 n'kuika ya 3. Masiku ano ndikaona anyamata akusomeka mawaya osenda m'soketi ndi timitengo ta machesi, mtima umandipweteka, chifukwa m'nyumba zimenezo mumakwawa ana.

Ine ndinkafuna kutaya malo oikamo mabatire, koma iye anakana. Magetsi akathima udzamvera chiyani? Anaika swichi yosankha, uku pakhoma, uku mabatire, ndipo anandichenjeza kuti ziwirizi zisadzakumane, poti mabatire ouma ukawathira magetsi amatupa n'kuchucha. Motero wailesi inakhalabe yonyamula. Loweruka ndinkapita nayo kochapa zovala, madzulo n'kuibwezera pakhoma.

Amalume atamva MBC Radio 2 ikutuluka m'masipika anga kudzera pa kawailesi kawo kakang'ono kamene ndinalumikiza, anaitana aneba kuti adzaone. Mmodzi mwa iwo anabwera m'mawa mwake ndi wailesi yakufa n'kundifunsa mtengo. Za kasitomala wanga woyambayo, ndi mmene mmisiri uja ananditengera kukhala wophunzira wake, ndikufotokozerani m'gawo 7.