Ambulera yanga inafera pa kawaya, nsalu ili bwinobwino

Sabata yatha mvula inandipeza ndikuchokera ku Mpondabwino kuno ku Zomba, ija yobwera ndi mphepo yotsika kuphiri yoti ukangoona mtambo wakuta Ku Chawe umadziwiratu kuti kwatsala mphindi zochepa basi. Ndinatsegula ambulera, kuyenda pang'ono chabe mphepo inangoigadabuza, ndinangomva kuti thee pamwamba, nthiti zonse 8 nkungoti lende. Nsalu yosang'ambika olo pang'ono, ndodo yake yowongoka, koma yosafundikanso. Zinandiwawa ndithu chifukwa ambulera imeneyi anandisiyira mayi anga, yakuda yayikulu ija ya chogwirira chokhota, ndipo yandisunga madzinja ambiri.

Mawa lake ndinapita nayo kwa madala ena amene amasoka nsapato pakhonde kufupi ndi msika, maambulera amakonzanso. Anangoyang'ana kamodzi nkuti "mayi, ambulera yanuyi sinafe ayi, kaduka ndi kawaya kokha, khalani pansi muone." Nde ndinakhaladi pa benchi nkumaonerera.

Anamasula kachipewa ka pamwamba, nkukankhira nsalu pambali. Pansi pake pali kagudumu ka mano, nthiti iliyonse ili ndi mpata wake pakati pa manowo, ndipo kumapeto kwa nthiti iliyonse kuli kabowo. Kawaya kamodzi kokha ndi kamene kamalowa m'mabowo onsewo kuzungulira kagudumu ngati mmene timatungira mikanda, kenako nkupotedwa kumapeto. Ambulera yonse ija yatsamira pa kawaya kameneka! Kanga kanali katadyeka ndi dzimbiri kofiira kuti psuu, atakagwira kanangofumbutuka m'manja. Madala aja anasenda chingwe chakale cha magetsi nkutulutsa waya wa kopa, nkuyamba kutunga nthiti imodziimodzi osapupuluma, kupota ndi pulayazi, kupinda nsonga yake kuti isabowole nsalu. Kagudumu kachiwiri kamene kamakwera ndi kutsika pa ndodo, kaja timakankha potsegula, nakonso kali ndi waya wake womanga tizitsulo tothandizira tomwe timatukula nthiti, kawaya kameneko anakasinthiratu nakonso akuti bola zithere limodzi.

Chichokereni pamenepo ndakhala ndikuganiza za anthu amene anakhala pansi kuganizira kachinthu kameneka, chifukwa timangokatenga ngati kachabe koma muli nzeru zambiri.

Kalekale ku Ulaya nthiti za ambulera ankapangira mitengo kapena zinthu zonga mafupa zochokera mkamwa mwa namgumi, nsalu yake yopaka mafuta, chinthu cholemera choti ukayenda nacho mkono umatopa. Mu 1852 mkulu wina wa ku England dzina lake Samuel Fox, amene anali ndi fakitale yopanga waya ku Stocksbridge kufupi ndi Sheffield, anabwera ndi nthiti za chitsulo zomwe anazitcha Paragon. Nzeru yake inali yakuti m'malo mwa waya wamphumphu, chitsulocho chikhale chopyapyala koma chopindidwa ngati kangalande, ngati chilembo cha U. Ndi nzeru yomweyo ya malata, lata lathyathyathya limangopindika ngati pepala koma likakhala ndi mizere umatha kufolera nyumba. Tembenuzani ambulera yayitali ya nthiti za chitsulo muyang'ane, nthawi zambiri mupeza kangalande ka Fox kakadalipo mpaka lero, zaka zoposa 170 chipangireni. Koma kangalande komweko ndi kamene kamasunga madzi ukapinda ambulera yonyowa nkuiponya kuseri kwa chitseko, nde dzimbiri limayambira mmenemo nkumatsikira ku kawaya kaja. Apa ndi pamene yanga inadwalira.

Tiziambulera topinda tolowa mchikwama timene tadzaza pa msikapa tinabwera pambuyo. Hans Haupt wa ku Berlin ndi amene mu 1928 anaganiza zoti ndodo ya ambulera izilowana yokhayokha ngati eriyo ya wailesi, ndipo maambulera ake anatchuka ndi dzina loti Knirps, m'Chijeremani ndiye kuti kamwana. Ubwino wake aliyense akuudziwa, mu minibasi sulasa nayo mnzako, ana asukulu amangoiponya mchikwama. Koma tawerengani mfundo zake. Ambulera yayitali nthiti imodzi ili ndi polumikiza patatu basi, pamwamba, pakati ndi pa kagudumu kotsetsereka. Yopinda patatu nthiti imodzi yokha ndi tizidutswa tambirimbiri tolumikizidwa ndi timisomali tating'ono, kuchulukitsa ka 8 kapena ka 6, ndie paliponse pali kamsomali ndi pamene mphepo ya ku Zomba kuno imayambira kugwira. Madala aja akuti ambiri amene amabwera kwa iwo ndi amenewa, kamsomali kagwa, iwo amangolowetsa kawaya nkupinda mbali zonse ziwiri.

Koma chimene chandisangalatsa kwambiri ine ndi loko. Pa ambulera yanga yakaleyi loko wake ndi kachitsulo kopindika kobisala mkati mwa ndodo, kamsana kake kokha ndi kamene kamasuzumira pa kampata. Ukakankha kagudumu kupita m'mwamba kamakapondereza, kakangodutsa kachitsulo kaja kamatumphukanso kuti kwaa nkukatchinga kuti kasabwerere. Kena kotero kali m'munsi kogwira ambulera ikatsekedwa. Palibe china, kachitsulo kamodzi ndi komweko sipuling'i ndi komweko loko. Vuto lake tonse tikulidziwa, kutsina chala, ndani sanapanidwepo kachikopa ka chala chachikulu potseka ambulera mothamanga pokwera basi? Nchifukwa chake maambulera ambiri atsopano anaika batani la pulasitiki pa kagudumu penipenipo kuti chala chisamakhudze chitsulo. Kusintha kwakung'ono koma ine ndimakuyamikira kuposa zambiri zonyezimira, makamaka kwa ana ndi agogo amene zala zawo zilibe mphamvu.

Kenako pali ma otomatiki. Ndinali nayo ina yoti ukadina batani imatseguka yokha, kudinanso nsalu imagwa yokha, ndinaikonda kwambiri chifukwa ukakhala ndi jumbo ya tomato dzanja lina mwana dzanja lina zimathandiza zedi. Mkati mwa ndodo yake muli sipuling'i yayitali ndi kachingwe kodutsa pa kawilo kakang'ono pamwamba, ndipo mphamvu imene imatsegula ambulera ija ndi yako yomwe, imene unaika pokankha ndodo kulowa mchogwirira mpaka kumva kuti kwaa. Nchifukwa chake imalimba potseka, ndipo ukaisiya panjira isanakole imabwerera ndi liwiro moti ikhoza kukumenya pachibwano, ena opanga anachita kuikamo timano togwira kuti isamabwerere choncho. Yanga inatha dzinja limodzi lokha. Nditapita nayo kwa madala omwewa anapukusa mutu, akuti "mayi, awa akafa mkati afa basi, kachingwe kakaduka kapena kadzino ka pulasitiki ka m'batani kakathyoka, kulibe kogula, ndipo mukamasula sipuling'i imakuthawani." Loko yense anamusamutsira mkati mwa chogwirira momwe munthu wa pulayazi ndi sikuludiraiva safikamo bwino.

Za chogwirira sindinena zambiri. Chokhota chija amati nchachikale koma chimakoleka pamkono ukamasankha usipa, chimakoleka pa msomali, ndipo pa matope a ku Chikanda chimasanduka ndodo yoyendera. Za mtengo amachita kuzifewetsa ndi nthunzi nkuzipinda. Tija tofewa ngati labala timakoma m'manja tikali tatsopano, pakapita nthawi timayamba kumata ngati ulimbo.

Sindikunena kuti zatsopano zonse nzachabe ayi. Nthiti za fiberglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi tizingwe ta galasi, ndi nzeru yabwino, sizichita dzimbiri ndipo mphepo ikagadabuza ambulera zimawerama nkubwerera, pomwe chitsulo chikapindika chimatsala chopindika. Kungoti zikathyoka zimayoyoka tizingwe tolasa, sungaziwongole, umangosintha nthiti yonse. Palinso maambulera a nsalu ziwiri zosanjikizana zokhala ndi mipata pakati, mphepo ikalowa pansi imatulukira m'mwamba koma madzi osalowa, ngati mmene utsi umatulukira pa denga la khitchini. Ku Netherlands ophunzira ena a pa yunivesite ya Delft anapanga ambulera yotchedwa Senz imene inatuluka mu 2006, kutsogolo yayifupi kumbuyo yayitali, moti imadzitembenuza yokha kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera m'malo molimbana nayo. Ina yotchedwa Blunt ya ku New Zealand inachotsa nsonga zolasa m'maso zija, kumapeto kwa nthiti iliyonse kuli tizala totambasuka mkati mwa kathumba ka nsalu tomwe timakoka m'mphepete monse kuti mukhale mokungika. Ndikanakonda nditaigwirako imeneyo tsiku lina pa msewu wokwera kuphiri mu Januwale.

Koma funso langa kwa onse opangawa ndi limodzi, kodi chikathyoka munthu wa pakhonde angachikonze? Kuno ambulera si ya mvula yokha, Okutobala dzuwa likamaswa mtengo amayi amafunditsa nayo khanda kumbuyo popita kusikelo, ogulitsa ma yunitsi ndi mandasi amakhala pansi pake tsiku lonse, ndie imatseguka ndi kutsekeka chaka chonse osapuma. Ukayenda mtauni mvula yamphepo itangokata umapeza mitembo ya maambulera m'ngalande, nsalu zabwinobwino, chafa ndi kamsomali kamodzi kapena kadzino ka pulasitiki, ndipo ndalama ya munthu yapita pamenepo. Ine zimenezi zimandipweteka mtima. Akanamaika waya wosachita dzimbiri pa kagudumu kaja, kachipewa ka pamwamba nkukhala komasula osati komata ndi guluu, maambulera ambiri bwenzi akufika dzinja lachitatu.

Pogula tsopano ndimatembenuza kaye ambulera, kuyang'ana timisomali ngati ndi tolimba, kugwedeza kagudumu kuti ndione ngati kakusewera pa ndodo, kutsegula ndi kutseka kangapo nkumamvera kulira kwa loko, wabwino amalira kamodzi momveka. Wogulitsa amayamba kukuyang'ana ndi diso koma palibe kanthu.

Otomatiki yakufa ija ndinawasiyira madala aja, anaiponya m'thumba la saka momwe muli mafupa a maambulera ena ambirimbiri, akuti nthiti zake zidzapulumutsa ya munthu wina. Ya mayi anga anandipatsa atadonthezera mafuta a mashini osokera pa ndodo ndi pa loko, nkundiuza kuti "mukafika kunyumba muziitsegula pakhonde iume kaye, musamaigoneke yonyowa." Dzulo yagwanso yamphamvu ndikutsika ku Matawale, yapirira, panopa ili pakhonde yotsegula ikudontha.