Kodyera ku Copenhagen thumba osabooka

Ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, ndalama zimathera pa mpando. Mukangolowa m'lesitilanti n'kukhala pansi, wina n'kubwera kudzakufunsani chimene mudye, dziwani kuti mbale imodzi ya nyama ndi mbatatesi ikhoza kukudyerani makrone (ndalama za kumeneko) 150 mpaka 250, chakumwa chisanalowepo. Zifukwa zake n'zomveka. Antchito ku Denmark amalipidwa bwino, ndipo boma limadula msonkho wa 25 peresenti pa katundu wogulidwa, ndi chakudya chomwe. Ine zimenezi sizindiwawa, chifukwa mtsikana amene wakubweretserani msuzi uja sakuyembekezera kuti mumusiyire kangachepe kuti akadye kwawo. Malipiro ake ali kale mu mtengo umene mwaona pa pepala. Komabe kwa ife amene timafika ndi ndalama yosintha kawiri, nkhani ya kodyera ndi yofunika kuikonzekera ndege isananyamuke. Ambiri mwa anzathu amapita kumeneko pa misonkhano ndi maphunziro, poti mumzindawu muli maofesi a United Nations komanso nkhokwe yaikulu ya UNICEF, ndipo ena amabwerako atangodya mabisiketi m'chipinda cha hotela. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mzindawu uli ndi chakudya chabwino kwambiri chimene munthu wamba angakwanitse.

Nyhavn, kumene kuli nyumba zopaka utoto wowala zimene mumaziona pa zithunzi zija, pitaniko ndithu. Ngalande yake anakumba m'zaka za m'ma 1670 ndipo malowa ndi okongola zedi. Jambulani, yendani, koma njala ikakupezani kumeneko muigwire kaye. Mitengo ya kumeneko ndi ya alendo. Eni mzinda amagula chakumwa m'sitolo n'kukakhala m'mphepete mwa madzi miyendo ili lendelende, ndipo palibe amene amawayang'ana modabwa.

Chakudya choyamba chimene ndimauza aliyense kuti alawe ndi cha pa ngolo ya masoseji, pølsevogn. Ngolozi zinayamba kuoneka m'misewu ya mzindawu mu 1921, ndipo ngakhale zachepa masiku ano, mudzazipeza pa mabwalo akuluakulu ndi pafupi ndi masiteshoni. Zimandikumbutsa pa chiwaya: mumadya choimirira, phewa ndi phewa ndi munthu wa suti komanso wovala ovolosi, wogulitsa akucheza ndi onse. Funsani soseji yootcha ya m'buledi ndipo muuzeni aike zonse. Amayamba ndi tomato sosi ndi masitadi, kenako msuzi wachikasu wotchedwa remoulade, anyezi wamuwisi, anyezi wokazinga wouma kuti khirichi, ndipo pamwamba amayala timagawo ta nkhaka zoviika mu viniga. Kuluma koyamba nkhaka imodzi imagwa basi, n'chifukwa chake aliyense amadya ataweramira kutsogolo. Pali soseji ina yofiira kuti psuu, yophika m'madzi, imene ana ndi agogo omwe amaikonda. Ambiri amatsitsira ndi mkaka wa chokoleti wa Cocio. Pafupi ndi Rundetårn, nsanja yobulungira imene inamalizidwa mu 1642, pali ngolo ya DØP imene imagulitsanso soseji zopanda nyama.

Apa ndichenjeze abale anga Achisilamu ndi a Seventh Day. Denmark ndi dziko la nkhumba, moti nkhumba n'zambiri kuposa anthu. Soseji zambiri, nyama yogaya yokazinga ya frikadeller, ndi chiwindi chopaka pa buledi chotchedwa leverpostej, zonsezi kawirikawiri zimakhala za nkhumba. Funsani musanagule. Pafupifupi aliyense amalankhula Chingelezi ndipo sakhumudwa ndi funso lotere. Kwa amene mumadya nkhumba, chakudya chimene anthu a dzikoli anachivotera mu 2014 kuti ndiye chakudya cha fuko ndi stegt flæsk, nyama yamafuta yokazinga mpaka kuuma, yodyera mbatatesi zophika ndi msuzi woyera wa masamba a parsley. Malo odyera akale ena amakhala ndi tsiku limene mumalipira kamodzi n'kumawonjezera mpaka mutakhuta.

Ndalama yanu ya mpando, ngati mwasunga ya tsiku limodzi, muiwonongere pa nkhomaliro, chifukwa luso lenileni la anthu a ku Denmark limaoneka masana, pa smørrebrød. Pansi pamakhala chigawo chimodzi cha rugbrød, buledi wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, wophikidwa ndi ufa wa mbewu ya rye. Amapakapo batala wokwanira, kenako amaunjikapo ndiwo mpaka buledi osaonekanso. Sakuphimba pamwamba, ndipo amadyera mpeni ndi foloko. Poyamba buledi ameneyu amadabwitsa pakamwa pa munthu wozolowera buledi woyera wofewa, koma ndi iye amene amakusungani mpaka madzulo osamvanso njala.

Malo amene ine ndimawalemekeza pa nkhaniyi ndi Schønnemann, pa Hauser Plads, amene akhala akudyetsa anthu kuyambira 1877. Amatsegula masana okha ndipo muyenera kusungitsa tebulo masiku angapo zisanachitike. Mumatsika pang'ono polowa, denga lili pafupi, matebulo ali ndi nsalu zoyera, ndipo phokoso la anthu ocheza limakhala ladzaza chipinda. Kudya kwake kuli ndi ndondomeko. Mumayamba ndi nsomba ya herring, imene iwo amaitcha sild, yoviikidwa mu viniga, shuga ndi zokometsera, ili ndi anyezi pamwamba. Kenako nsomba ina, monga yokazinga ya rødspætte yokhala ndi remoulade ndi kagawo ka ndimu. Nyama imabwera pambuyo, tchizi n'kutsekera. Nditafika pa herring ndinayamba ndaima kaye, chifukwa nsomba yotsekemera ndi yozizira sichinthu chimene lilime langa linkachidziwa. Koma ikakumana ndi batala ndi kuwawasa kwa buledi uja zimagwirizana bwino lomwe, ndipo mpaka lero ndi imene ndimayamba kuifuna. Magawo awiri amakwana munthu wamkulu. Amene amamwa amatsitsira ndi mowa ndi kagalasi ka kachasu wawo wotchedwa snaps, koma madzi kapena juwisi wa maapozi palibe amene angakuoneni zachilendo.

Ngati tebulo la ku Schønnemann lakukanikani, pitani ku Torvehallerne, msika wa nyumba ziwiri zagalasi umene unatsegulidwa mu 2011 pafupi ndi siteshoni ya Nørreport. Kumeneko smørrebrød amaiyala m'galasi, inu n'kungoloza imene yakukopani, ndipo kwa mlendo zimenezi zimathandiza kwambiri kusiyana ndi kulimbana ndi maina pa pepala. Msikawu si wotchipa, koma mumalipira chakudya chokha. M'menemo mulinso nsomba zaziwisi, tchizi, khofi wa Coffee Collective, ndi malo a Grød amene amagulitsa phala. Inde, phala, la oats, loikamo maapozi, mtedza wa amondi ndi zotsekemera, ndipo anthu amaima pa mzere kuligula. M'mawa wozizira mudzamvetsa chifukwa chake.

Madzulo, malo amene ndimafuna kuti aliyense wopita ku Copenhagen akafikeko ndi Absalon, pa msewu wa Sønder Boulevard ku Vesterbro. Nyumbayi inali tchalitchi. Lennart Lajboschitz, amene anayambitsa masitolo a Flying Tiger, anaigula n'kuisandutsa nyumba ya anthu onse, ndipo inatsegulidwa mu 2015. Makoma anawapaka mitundu yowala, masana anthu amamwamo khofi ndi kusewera tenisi ya pa tebulo, ndipo tsiku lililonse 6 koloko madzulo mumakhala chakudya chodyera limodzi. Tikiti mumagula pa intaneti, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi lesitilanti iliyonse mumzindawu. Chakudya ndi chimodzi kwa onse, kupatula kuti osadya nyama amawakonzera chawo. Mumakhala pa matebulo ataliatali ndi anthu amene simukuwadziwa, mbale zikuluzikulu zili pakati, aliyense n'kumadzigawira ndi kupatsira mnzake.

Anthu a ku Denmark m'sitima salankhula ndi mlendo. Amakhala phee, maso pa foni kapena pa windo, ndipo munthu ukhoza kutha sabata osacheza ndi mwini dziko ngakhale mmodzi. Ku Absalon zimasintha. Ine ndinakhala moyang'anizana ndi mayi wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya unamwino, ndipo pambali panga panali banja lachinyamata ndi kamwana kawo kamene kankangogwetsa supuni. Mayiwo anandiuza kuti amuna awo atamwalira chakudya cha madzulo chinkawakanika kumeza ali okha, choncho amabwera kuno kawirikawiri. Anandigawira mbatatesi asanadzigawire okha, n'kundifunsa zimene timalima kwathu, ndipo anamvetsera ndithu mpaka ndinamaliza kufotokoza za chimanga ndi mvula. Titatha kudya tonse tinasonkhanitsa mbale. Chakudya chake chinali wamba, chophikidwa bwino, koma ndinatuluka nditakhuta kuposa tsiku lina lililonse mumzinda umenewu. Gulani tikiti msanga chifukwa malo amatha.

Ku Nørrebro ndi kumene mtima wa munthu wochokera kutali umakhazikika. Mukaoloka mlatho wa Dronning Louises Bro n'kutsata msewu wa Nørrebrogade, mudzapeza malo ambirimbiri a shawarma ndi falafel, ambiri mwa iwo a halal, otsegulidwa ndi anthu ochokera ku Middle East ndi ku Turkey. Pamenepo mumakhuta ndi ndalama yochepa, ndipo tsabola amakhala pa tebulo, chinthu chimene chakudya cha eni dziko chimasowa. M'dera lomweli muli malo odyera a anthu a ku Ethiopia, kumene mumadya ndi manja, kunyema injera n'kutapira ndiwo. Mulinso timasitolo ta zakudya za ku Africa ndi ku Asia, ndipo ngati kumene mukugona kuli khitchini, ufa wa chimanga mudzaupeza, nsima n'kuphika.

M'nyengo yotentha kwerani boti lachikasu la pa doko, limene limalandira tikiti yomweyo ya basi ndi sitima, mukatsike ku Refshaleøen. Kale kumeneko ankapangirako sitima zapamadzi. Tsopano kuli Reffen, msika wa zakudya umene unatsegulidwa mu 2018, wodzaza ndi timakontena tophikiramo zakudya za maiko osiyanasiyana. Dzuwa mu June limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye mumadya kunja mukuyang'ana madzi kukuwalabe. M'nyengo yozizira msikawu umatseka, choncho onani kaye pa intaneti musanapite, ndipo juzi musaisiye ngakhale kutacha bwino, mphepo ya kunyanja imabaya.

Mwina munamvapo za Noma, lesitilanti imene René Redzepi ndi Claus Meyer anatsegula mu 2003, imene inasankhidwa kukhala yopambana pa dziko lonse mu 2010, 2011, 2012, 2014 ndi 2021. Geranium, imene ili pamwamba pa bwalo la mpira la Parken, inatenga ulemu womwewo mu 2022. Malo oterewa munthu mmodzi amalipira makrone masauzande angapo, ndipo si a ife. Koma ndimawayamikira pa chinthu chimodzi: ophika ambiri amene anaphunzira m'makhitchini amenewa anatuluka n'kukatsegula timalo tawo ting'onoting'ono. Rosio Sanchez, amene ankaphika zotsekemera ku Noma, anatsegula Hija de Sanchez n'kumagulitsa ma taco a ku Mexico. Emil Glaser anatsegula bekale ya Juno ku Østerbro, kumene anthu amaima pa mzere kudikira mabanzi a cardamom. Choncho dzanja la akatswiri aja mukhoza kulilawa ndi ndalama ya banzi.

Mabekale ndiye musawaphonye. Kadzutsa wa ku hotela ngati sanaphatikizidwe mu mtengo wa chipinda, musiyeni, lowani m'bekale mugule banzi lopaka batala ndi kagawo ka tchizi, ndi khofi. Pa zotsekemera ine ndimakonda tebirkes, yofufuma m'magawomagawo, yowazidwa tinjere takuda pamwamba, m'kati muli shuga ndi batala zosungunuka. Sankt Peders Bageri, pakati pa mzinda, inayamba mu 1652, ndipo Lachitatu lililonse imaphika mabanzi akuluakulu opindapinda a sinamoni amene ana a sukulu za ukachenjede amawathamangira.

Pakhomo pa malo odyera aliwonse mudzaona pepala lokhala ndi kankhope. Limeneli limaonetsa zimene anapeza oyendera ukhondo a boma, dongosolo limene linayamba mu 2001, ndipo kankhope komwetulira kakutanthauza kuti anapeza zinthu zili bwino. Madzi a pa mpope ndi abwino kumwa, choncho yendani ndi botolo lanu, poti malesitilanti ena amalipiritsa ngakhale madzi a pa mpopewo. Mabotolo ndi zitini za zakumwa musataye, mukazibweza m'makina a m'sitolo amakubwezerani krone imodzi mpaka atatu. Khadi la ku banki limagwira ntchito pafupifupi paliponse, ngakhale pa ngolo ya masoseji. Ikaninso pa foni pulogalamu ya Too Good To Go, imene inayambira mumzinda womwewu mu 2015. Mabekale ndi masitolo amagulitsirapo zotsala za tsikulo pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo thumba limodzi la buledi limatha kukukwanirani kadzutsa wa masiku angapo.

Eni dziko amadya cha m'ma 6 kapena 7 koloko, ndipo makhitchini ambiri amazima moto ikamakwana 9 kapena 10 koloko, makamaka m'kati mwa sabata. Msonkhano ukakuchedwetsani, musavutike ndi kugogoda m'malesitilanti a pakati pa mzinda. Kwerani sitima yapansi ya mzere wa M3 mukatsike pa Nørrebros Runddel, a shawarma amakhala asanatseke.