Asintha mawu a nyimbo filimu itajambulidwa kale

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za sewero la pasiteji, nyimbo ziwiri zoti ochita sewero ayimbe okha popanda maikolofoni. Anzanga pantchito yolemba mawu a nyimbo mukudziwa kale: mizere ifupike, woyimba apeze popumira, ndipo mzere uthere pa "a" kapena "o" kuti wokhala kumbuyo kwa holo amve. Zinayenda.

Za Lachitatu ndiye zondipsetsa mtima. Inali nyimbo ya maliro mufilimu, mayi akuyimba m'nyumba ya siwa, kamera ili pankhope pake penipeni. Tempo (liwiro la nyimbo) yake ndi kugunda ka 80 pa mphindi, kugunda kanayi pa bar (kachigawo ka nyimbo), kutanthauza masekondi 3 pa bar iliyonse. Ma bar 16, masekondi 48, mizere inayi. Mawu anavomerezedwa kalekale, nyimbo inajambulidwa mu situdiyo, ndipo mayiyo ankatsatira playback (nyimbo yojambulidwayo ikumveka) pojambula zithunzi. Ndiye pabwera uthenga wa pa WhatsApp: bungwe lomwe lapereka ndalama likufuna mawu olimbikitsa kupita kuchipatala msanga alowe m'nyimbo, edita wadulapo masekondi 12, ndalama zojambuliranso zithunzi palibe.

Akuluakuluwa amayesa kuti masekondi 12 n'kachinthu kochepa. Amenewo ndi ma bar anayi, mzere wathunthu, ndipo womwe unadulidwa ndi wachitatu, pamene mayi amasiya kudandaula n'kuyamba kulankhula ndi malemu. Ukachoka umenewo, wachinayi umayankha funso lomwe silinafunsidwe.

Kenako milomo. Nkhope ikakhala pafupi chonchi, owonera amaona paliponse pamene milomo yatsekeka pa m, b ndi p, komanso pamene mano akhudza mlomo pa f ndi v. Umakhala ndi edita, mafulemu (tizithunzi ta filimu) 25 pa sekondi, kulemba nthawi ya kutsekeka kulikonse, kenako n'kusaka mawu atsopano okhala ndi maphatikizo ofanana nambala, otsekanso milomo pamalo omwewo. Ukaphonya ndi mafulemu atatu okha, zimaoneka. Pamwamba pa izo, noti yaitali iyenera kugwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe Chichewa chimakoka mawu. Ukaiika kumapeto, mayi wolira amamveka ngati mlendo amene waloweza chinenero dzulo. "Kuchipatala" ali ndi maphatikizo asanu, milomo imatsekeka kamodzi pa lachitatu, ndipo m'mizere yonse ya mayiyo munalibe malo otero.

Chinatheka n'chakuti uthenga wa bungwelo unapatsidwa amayi ovomera, pamene kamera yatembenukira kwa anthu okhala panja, ndipo mzere woyamba unafinyidwa kuti wachitatu ubwerere. Sizokoma ngati poyamba. Palibe amene amayimba malangizo a zaumoyo pamaliro a mwana wake, ndipo ine ndikanakonda uthengawo ulowe m'zokambirana za anthu awiri panjira yochokera kumanda.

Lachinayi oyimba anabwereranso ku situdiyo. Magetsi anathima, jenereta inkamveka mu maikolofoni, tinadikira mpaka usiku. Ndalama ya thiransipoti ya amayi ovomera palibe anaiwerengera.

Lachisanu ndinaona mndandanda wa mayina: wopeka nyimbo alipo, woyimba alipo, wolemba mawu mulibe. Pa cue sheet, pepala lolembapo nyimbo zonse za mufilimu ndi eni ake, chimodzimodzi. Izi si za ulemu chabe. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso m'Malawi, yomwe inayamba mu 1992, imagawa ndalama potsatira zomwe zinalembetsedwa, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza wolemba mawu ngati mwini ntchito. Popanda pepala losainirana magawo pakati pa wolemba ndi wopeka, filimu ikaonetsedwa pa TV ndalama imadutsa pambali. Dayirekita analonjeza kukonza. Za malipiro a kulembanso anati sizili mu kontirakiti, ndipo n'zoona sizilimo. M'makontirakiti ambiri omwe ndaonapo mulibe ndime yonena tsiku lomwe mawu atsekedwe, ngakhale mtengo wa kusintha kobwera pambuyo pake.

Loweruka anyamata a sewero anali ataloweza nyimbo zawo zonse ziwiri, kungotsala kuwaletsa kuthamangira vesi yachiwiri.