Loweruka: kompyuta inakana kuyaka

Lero ndinadzuka ndi chimwemwe, poti graphics card imene ndakhala ndikuidikira, khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini, inafika dzulo madzulo. Ndinazula chingwe cha magetsi, n'kutsegula m'mbali mwa kompyuta, n'kuyamba ndagwira chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asaononge kanthu. Khadiyo inalowa bwinobwino pa malo ake otchedwa PCIe x16 pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse. Ndinamanga sikuluu, kulumikiza zingwe, kudina batani.

Mafani anazungulira, koma sikirini inangokhala yakuda bii. Mtima wanga unangoti myuu.

Ndinayamba ndi zosavuta. Chingwe cha HDMI, chopita ku sikirini, ndinali nditachisiya pa motherboard, chonsecho ukaika khadi, makompyuta ambiri amatulutsira chithunzi pa khadipo. Ndinachisamutsa, koma ziii. Kenako ndinaganizira za magetsi. Malo a PCIe amapereka mawati 75 okha, n'chifukwa chake khadi yanga imafuna chingwe china cha mapini 8, chowonjezera mawati 150. Chinali cholowa mpaka kumapeto, ndipo power supply yanga ya mawati 550, bokosi logawa magetsi m'kompyuta, si yochepa pa ntchito imeneyi.

Mng'ono wanga anali chilili pakhomo nthawi yonseyi. "Achimwene, khadiyo ndi yakufa, ingoibwezani," anatero. Kunena zoona, nanenso maganizo anali atapita komweko. Koma kubweza chinthu usanatsimikize n'kulakwira amene anakugulitsa, ndiye ndinachotsa khadiyo n'kubwezera HDMI pa motherboard, poti pulosesa yanga, ubongo wa kompyuta, imatha kuonetsa chithunzi payokha. Sikirini inakhalabe yakuda. Khadi ili pa tebulo, vuto lili pompo.

Apa ndi pamene ndinagwada n'kusuzumira m'kati modekha. Pakona ya motherboard pali timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Kompyuta ikamayaka imayamba yadziyeza yokha, zimene amazitcha POST, ndipo pamene yakakamira kamagetsi kake kamakhala koyaka. Kofiira kanali pa DRAM, kutanthauza kuti vuto lili pa RAM, timabolodi tosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito. Nditaunika ndi tochi ya foni ndinaona RAM imodzi itatukuka pang'ono mbali ya kumwamba, kotsekera kake kali kotseguka. Ndinaikankha ndi dzanja osadziwa pamene ndimapititsa chingwe cha mapini 8 chija. RAM ya DDR4 ili ndi mapini 288, ndipo ochepa chabe akapanda kukhudza, palibe chimene chimayenda. Ndinali nditatsala pang'ono kuchotsa kabatire ka pa motherboard ka CR2032, zomwe zikanangondifufutira zonse zimene ndinakonza mu BIOS, pulogalamu yoyambitsa kompyuta, popanda chifukwa.

Ndinazulanso magetsi, kudina batani kwa kanthawi kuti otsalira athe, n'kuchotsa ma RAM onse awiri. Ndinabwezera imodzi yokha pa A2, malo achiwiri kuchokera pa pulosesa. Kukanikiza RAM kumandiopsa mpaka lero, chifukwa imafuna mphamvu zoposa zimene umayembekezera, koma ndinalimba mtima mpaka kotsekera kanamveka kuti kha! Nditadina batani panadutsa timasekondi, kenako chizindikiro cha motherboard chinaoneka pa sikirini. Mng'ono wanga anaomba m'manja.

Zotsalazo ndinabwezera chimodzichimodzi, ndikuyatsa ndi kuzimitsa nthawi iliyonse: RAM yachiwiri pa B2, kenako khadi. Zonse zinayaka. Ma driver, mapulogalamu oyendetsa khadiyo, ndiika mawa, pakuti maso atopa, ndipo chala chimene ndinadzicheka ndi m'mphepete mwa bokosi chayamba kuwawa tsopano.