Sabata ya sitzprobe ku London

Lolemba m'mawa wotsogolera nyimbo ananditumizira uthenga: mayi amene akusewera mbali yaikulu m'sewero la nyimbo limene tikukonzekera apempha kuti nyimbo yotsekera gawo loyamba itsitsidwe ndi theka la toni, chifukwa akatopa mawu sakufika pamwamba. Iwo anaona ngati kanthu kakang'ono, koma kwa ine zinatanthauza kulembanso pepala la manotsi la chida chilichonse choimbira.

Wopeka nyimbo amandipatsa mawu ndi piyano basi, ine ndiye ndimagawa kuti chida chiti chiimbe chiyani. Anthu amati masiku ano kompyuta ndiyo imagwira ntchitoyi. Inde, Sibelius, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera nyimbo, imatsitsa manotsi onse kamodzi n'kamodzi, koma vayolini sapitirira G wa pansi pa C wapakati. Mzere umene unkathera pa G uja tsopano unagwera pa notsi imene pachidacho palibe. Ndinausamutsira kwa wa cello, ndipo popeza iye anali kale ndi mzere wake, umenewo ndinaupereka ku kiyibodi yachiwiri. Lachiwiri lonse linathera pamenepo.

Gulu lathu lili ndi oimba zida 9 okha. Kale masewero akuluakulu a ku Broadway, ku New York, ankakhala ndi oposa 20, koma eni masewero amawerenga malipiro a munthu aliyense wokhala m'dzenje la kutsogolo kwa siteji. Ndiye bambo mmodzi amaimba fluti, klarineti ndi saksofoni. Ndiyenera kumusiyira mpata woti aike china pansi, anyamule china, apume. Ukaiwala zimenezi, papepala pamaoneka bwino, koma munthu alibe manja anayi. Ndipo klarineti wa B-flat amalembedwa toni imodzi pamwamba pa zimene zimamveka, choncho pepala lake ndimaliwerenga kawiri.

Lachitatu usiku ndinatembenukira ku ntchito ya pa TV, kanyimbo kotsegulira pulogalamu. Mkonzi anadula chithunzi pang'ono, ng'oma n'kuyamba kugwa chitseko chisanatsekedwe. Pa TV ya kuno sekondi imodzi ili ndi mafuremu (tizithunzi totsatizana) 25, ndipo diso limazindikira ukaphonya ndi ochepa chabe. Ndinakonza, n'kudzaza cue sheet, pepala lolembapo nyimbo zimene zili m'pulogalamu, chifukwa popanda imeneyo ndalama za ku PRS, bungwe lotolerera opeka nyimbo malipiro awo, sizikupeza.

Lachisanu inali sitzprobe, tsiku loyamba oimba pakamwa kukumana ndi oimba zida, onse atakhala pamipando, opanda zovala za sewero. Kwa milungu yambiri ankangomva piyano. Lipenga litalowa pa nyimbo ija, mayi aja anasiya kuimba n'kucheuka kuti aone amene waliza. Ine ndinali kumbuyo ndi pensulo, kulemba kuti ng'oma zikuphimba mawu pa ndime yachiwiri. Ngakhale mphoto za Tony, za masewero a ku Broadway, zinayamba kupereka ulemu wapadera kwa ogawa nyimbo ku zida ngati ine mu 1997 mokha, woyamba kulandira anali Jonathan Tunick, ndiye sindidabwa kuti osewera ena sankadziwa kuti ndabwerera chiyani.

Madzulo wotsogolera sewero anati gule wa pakati watalika, tichotsepo mabala (tizigawo ta nyimbo) 16. Loweruka ndinali pa printa kuyambira mbandakucha.