Kalata ya Lachitatu

Sabata yotseka malipiro mukuidziwa kale anzanga a maakaunti: ma overtime obwera mochedwa, msonkho wa pa malipiro wa PAYE, penshoni, MRA ikudikira zake. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda choncho. Magetsi anathima kawiri, jenereta ilibe dizilo. Za masiku onse pakampani yathu ku Kanengo.

Lachitatu ndiye landipweteka. Mayi wina wa ku stolo, amene wagwira pano zaka zambiri, analowa ndi kalata yosiya ntchito. Wapeza malo m'boma, ku Dowa. Ndinati, "Mayi, m'boma? Kuja anthu amathawaku?" Anaseka. "Achimwene, kuja amakweza pang'ono, koma amakweza. Kuno munakweza liti?"

Ndinasowa chonena, poti payroll ndimapanga ndine. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro a mayiyu sanagwedezeke mpaka lero. A m'boma ali ndi CSTU, bungwe lawo loimira ogwira ntchito, akaopseza sitalaka nduna ya zachuma imalengezako kenakake mu bajeti. Sizikwana ayi, ufa ndi sopo zimathamanga kuposa pamenepo, ndipo mlongo wanga, mphunzitsi ku Dedza, amalira mwezi ndi mwezi. Komabe zimasuntha. Kuno zimasuntha lamulo likatigwira pakhosi basi. Malipiro otsikitsitsa atachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, tinakweza alonda ndi onyamula katundu okha, kuopa a ofesi ya leba. Makalaliki ndi akapitawo anatsala pomwepo. Lero kapitawo ndi mnyamata amene amamuyang'anira akusiyana ndi ndalama ya minibasi.

Madzulo ndinakhala pansi n'kulemba tebulo: makalaliki athu mbali ino, a giredi yofanana m'boma mbali inayo, chaka ndi chaka. Ndinapita nalo kwa abwana. Analiyang'ana ngati risiti ya munthu wina. Akuti boma lili ndi misonkho, ife forex tilibe, ndipo ofuna ntchito ali mbwee pageti. Kenako n'kundiuza kuti malo a mayi aja tiwalengeze pa malipiro otsikirapo. Za forex ndi zoona, ndine amene ndimakapempha madola kubanki n'kubwerako chimanjamanja. Koma wa pageti uja sadziwa kuti katoni iti ili pa shelefu iti.

Lachinayi lonse tinathera ku stolo, mayi aja akutisonyeza zimene zinali m'mutu mwawo mokha. Lachisanu malipiro analowa cha m'ma 4. Pofika 4 koloko ndi theka, anthu atatu anali atabwera kale kudzatenga fomu ya advance.