Sabata ya Mabuku Atatu a Nyuzipepala Zakale

Ndimagwira ntchito m'sitolo ina yaing'ono ku London yomwe imagula ndi kugulitsa nyuzipepala zakale za zithunzi, makamaka za m'zaka za m'ma 1800. Udindo wanga ndi kuyendera katundu aliyense amene wafika, kulemba mmene alili, kukonza zimene zingakonzeke, ndi kulangiza eni sitolo ngati bukulo ligulitsidwe lathunthu kapena liphwasulidwe kuti zithunzi zake zigulitsidwe chimodzichimodzi. Ntchito yomalizayi ndi imene imandikanganitsa ndi abwana, ndipo sabata yathayi tinakangananso.

Lolemba kunafika bokosi lochokera ku okushoni, momwe munali mabuku atatu a Illustrated London News. Nyuzipepalayi anaiyambitsa Herbert Ingram pa 14 Meyi 1842, inkatuluka sabata iliyonse, ndipo mabanja opeza bwino ankasonkhanitsa makope a miyezi isanu ndi umodzi n'kukawasoketsa kuti akhale buku limodzi lachikuto cholimba. N'chifukwa chake zambiri zimene zinapulumuka timazipeza zili m'mabuku otere. Awiri mwa mabukuwa anali a chaka cha 1872, pamene lachitatu linali la miyezi yoyambirira ya 1874. Limodzi la 1872 linali litakhalitsa pachinyezi: msana wake unali utayoyoka, masamba akumapeto anali atamatana, ndipo litangotsegulidwa fungo la chuku linadzaza chipinda chonse. Ndinalipatula n'kuliika palokha, chifukwa chuku sichichedwa kulowerera mapepala ena. Tsiku lonselo linathera pa kuwerenga masamba limodzilimodzi kuti ndione ngati pali amene anathotholedwa kale, popeza zithunzi zikuluzikulu zopinda ndizo zimayamba kusowa.

Lachiwiri ndinakhala ndi galasi lokuzira zinthu pa chithunzi cha masamba awiri, ndipo m'pamene ndinaonetsa mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ife chinthu chimene ogula ambiri sachidziwa. Pachithunzipo pali timizere toyera, towonda ngati ulusi, todutsa mowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ena chopingasa. Iye ankayesa kuti ndi mopinda mwa pepala, koma timizereto ndi molumikizira matabwa. Zithunzi zimenezi ankazizokota pa mtengo wa boxwood, wolimba kwambiri, ndipo ankaudula chopingasa kuti mmisiri azokote pamutu pa mtengowo, njira imene mmisiri wa ku England, Thomas Bewick, anaitchukitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Vuto ndi lakuti boxwood sukula kwambiri, choncho chidutswa chimodzi sichikanakwana tsamba lonse. Ankalumikiza tizidutswa tambiri ndi mabawuti, wojambula n'kujambulapo chithunzi chonse motembenuza ngati mmene chimaonekera pagalasi, kenaka n'kumasula mabawuti aja kuti mmisiri aliyense atenge kagawo kake. Wina ankazokota mitambo, wina nkhope za anthu, wina madzi, onse akuthamangitsana ndi tsiku losindikiza. Akamaliza ankazimanganso pamodzi, ndipo pamene tizidutswa sitinagwirane bwino mpamene patsala timizere tija. Ndinamuonetsanso pakona ina pamene mizere ya mitambo inasinthiratu kakulidwe itangodutsa molumikizira, umboni wakuti pamenepo dzanja la munthu wina linalekeza, la mnzake n'kuyambira.

Zimenezi ndimazifotokoza kawirikawiri chifukwa anthu amaona zithunzizi ngati zojambulidwa ndi kamera. Ngakhale kope loyamba lenileni la 1842, limene linaonetsa moto umene unapsereza mzinda wa Hamburg ku Germany, wojambula wake sanapiteko: anatenga chithunzi chakale cha mzindawo n'kuwonjezerapo malawi ndi utsi. Chimodzimodzinso chithunzi chotchuka cha m'buku lathu la 1872, choonetsa mtolankhani Henry Morton Stanley akukumana ndi David Livingstone ku Ujiji, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Anthu awiriwa anakumana chakumapeto kwa 1871 popanda wowajambula ndi kamera, ndipo chimene owerenga a ku England anaona chinakonzedwa pambuyo pake ndi anthu okhala ku London. Munthu wokulira kwathu akayang'anitsitsa nyumba ndi zovala za anthu akuda pa zithunzi zambiri za nthawi imeneyo, amazindikira msanga kuti mmisiri ankangolota dziko limene sanapondemo.

Lachitatu kunabwera mayi wina wachikulire atanyamula chithunzi cha m'felemu, chopakidwa mitundu yowala, chimene anati ndi chochokera mu The Graphic, nyuzipepala imene William Luson Thomas anayambitsa mu 1869. Iwo ankafuna kudziwa mtengo wake. Nditachotsa felemu ndinapeza kuti chinali chenicheni ndithu, chifukwa kumbuyo kwake kunali nkhani zosindikizidwa za tsamba lotsatira, ndipo ichi ndi chinthu choyamba chimene timayang'ana. Koma mitundu ija inapakidwa posachedwapa ndi wamalonda wina wofuna kukopa ogula, m'mphepete munali mutadulidwa mpaka tsiku ndi dzina la nyuzipepala zinapita, ndipo selotepi imene anamatira inali itasiya banga lofiirira lolowa m'kati mwa pepala. Ndinawauza kuti, "Mayi, chithunzi chanuchi n'chakale zedi, koma amene anachikongoletsa ndi amenenso anachitsitsa mtengo." Sanasangalale, komabe anavomera kuti ndichotse selotepi ija ndi kuika katoni yopanda asidi kumbuyo.

Lachinayi linali la ntchito ya manja. Ndinasesa fumbi ndi burashi yofewa, n'kumata mong'ambika ndi timizere ta pepala la ku Japan ndi phala la sitachi wa tirigu, lomwe ubwino wake ndi wakuti wina akadzafuna kulichotsa m'tsogolo adzangolinyowetsa pang'ono. Mawanga ofiirira amene amatuluka pamapepala akale sindiwasuka ndi mankhwala oyeretsa, ngakhale ogula ena amapempha, chifukwa mankhwalawo amafooketsa pepala.

Mkangano ndi abwana unabuka Lachisanu. Pa buku lachinyezi lija tinagwirizana mosavuta, popeza linali litatha kale ngati buku, ndipo kupatula masamba abwino kunali kuwapulumutsa. Nkhani inali pa la 1874, lomwe linali langwiro. Mmenemo muli makope a mwezi wa Epulo onena za kufika kwa thupi la Livingstone ku England ndi kuikidwa kwake ku Westminster Abbey, tchalitchi chachikulu cha ku London, pa 18 Epulo 1874. Abwana anawerengera kuti masamba amenewo, kuphatikizapo a sitima zapamadzi ndi a mizinda amene amayenda malonda msanga, angabweretse ndalama zoposa mtengo wa buku lathunthu, ndipo masamu awo anali olondola. Anandikumbutsanso, monga amachitira nthawi zonse, kuti Vincent van Gogh, katswiri wojambula zithunzi wa ku Netherlands, anagula mabuku a The Graphic ali mumzinda wa The Hague m'dziko lomwelo mu 1883 n'kumadulamo zithunzi zimene ankazikonda. Ndinawayankha kuti Van Gogh ankadula kuti aphunzirepo luso, ndiponso pa nthawiyo mabukuwo anali mbwee, pamene lero buku lililonse limene laphwasulidwa silidzabwereranso.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi chakuti chithunzi chikachoka pakati pa nkhani zake chimasanduka chokongoletsera khoma basi. Wofufuza mbiri amafuna kuona zimene zinalembedwa pambali pake, amene anatchulidwa ndi amene anasiyidwa. Pa maliro a Livingstone aja Jacob Wainwright, mnyamata wa ku Africa amene anaperekeza thupilo mpaka ku England, anali mmodzi mwa onyamula bokosi, koma Susi ndi Chuma, amene anatsogolera ulendo wonyamula thupilo kuchokera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mpaka kugombe la Bagamoyo, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anafika ku England mwambowo utachitika kale. Chuma anali Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo m'dera la mapiri a Shire mu 1861 ali mnyamata. Munthu wa ku Malawi kapena ku Zambia wofuna kudziwa mmene nyuzipepala za ku London zinkawaonera anthu otere ayenera kuwerenga makope onse motsatana, zimene sizingatheke ngati tsamba limodzi lili m'chipinda chochezera ku Manchester, lina ku New York.

Tinagwirizana kuti bukulo likhale lathunthu kwa miyezi itatu, ndipo ine ndilembere malaibulale a mayunivesite amene amasunga zinthu za mbiri ya Africa kuti aone ngati angaligule. Likapanda kupeza wogula pofika nthawi imeneyo, abwana adzachita monga akufunira, poti sitolo ndi yawo ndipo lendi ya ku London siseka ndi munthu. Loweruka ndinajambula masamba onse a Epulo ndi kamera, ndinalemba makalata aja, kenaka ndinayamba kumasula ulusi wa buku lachinyezi, kuyambira kutsogolo kumene masamba anali adakali ouma.